Mfundo zitatu pa chitenje cha Amayi

Aphungu,

Ndili ndi zaka 24, ndimakhala ndi Amayi ku Capital Park kuno ku Pretoria, ndipo mwezi wamawa kuli chinkhoswe changa. Ndiwasiyire Amayi udindo woyendetsa zinthu, kapena ndiupereke kwa Azakhali a Emelda, Amayiwo angokhala pampando ngati mlendo?

Amayi ali ndi zaka 47 ndipo amagwira ntchito ya m'nyumba ku Brooklyn. Akayamba kusita amasita mpaka makatani, maola anayi osamwa n'komwe tiyi. Nyimbo za m'buku amazidziwa ndi manambala omwe. Koma makiyi a geti tinawapeza mufiliji. Akafuna kukumbukira chinthu amamanga mfundo pansonga ya chitenje. Loweruka anapita kukalandira nsalu za chinkhoswe zomwe zinabwera pa basi kuchokera kumudzi. Anabwerako ndi thumba la usipa, mbiri yonse ya mayi wina wa ku Mulanje yemwe anacheza naye, ndi mfundo zitatu pachitenje. Nsalu ayi. Nditafunsa, anagwira mfundo imodzi n'kuti, "Iyi ndinamangira chiyani, mwanawe?"

Ine ndinati, "Mwina ndi ya mwana uja munamuiwala kutchalitchi ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri." Eish, pakamwa panga ndimapadziwa. Koma zinachitikadi, mwanayo ndinali ine. Ndinakhala pakhonde mpaka mkulu wa mpingo anandiperekeza kunyumba, ndipo mpaka pano sizinandichoke.

Tsono Naledi, mwana wa madamu awo yemwe amaphunzira ku Hatfield, wawauza kuti mwina Amayi ali ndi vuto lotchedwa ADHD. Ine ndimayesa ndi za ana osakhazikika m'kalasi. Zingagwire mayi wa Mvano? Nanga zanyanyiranji zaka ziwiri zino? Ndipo munthu angaloweze bwanji nyimbo mazana awiri n'kuiwala mwana mmodzi?

P.M., Pretoria

Mwanawe P.M.,

Inde, zimagwira amayi akuluakulu. Zimayamba paubwana, koma kwa atsikana ambiri sizidziwika, amangotchedwa oiwalaiwala. Maganizo a munthu wotere amamatirira pa chomwe chamukoka nthawi imeneyo, kaya makatani, kaya mayi wa ku Mulanje, ndipo zina zonse zimazimiririka, ngakhale zomwe amazikonda koposa. Kwa amayi ambiri zimanyanya akamayandikira kusiya kusamba. Zaka ziwiri ukunenazi mwina n'zimenezo.

Naledi si dokotala, inenso ayi. Pita ndi Amayi kukiliniki, ndipo ukafotokoze ndi za kutchalitchi zomwe, chifukwa dokotala adzafuna kudziwa ngati zinayamba kale. Akawayezenso magazi. Kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, kusagona bwino ndi kuvutika maganizo zimaiwalitsanso.

Mfundo zija usaziseke. Munthu wosasamala samanga mfundo zitatu. Vuto lake n'lakuti mfundo imati "kumbukira" koma sinena kuti chiyani. Uwaikire alamu pafoni yolembedwa kuti "NSALU", yolira nthawi yomwe akufika pamalopo. Powatuma, uwatume chinthu chimodzi, ndipo akuimbire chili m'manja asanakwere takisi. Makiyi uwakhomere msomali pafupi ndi chitseko. Za nsaluzo, imbira eni basi lero akusungire, ndipo mukatenge muli awiri.

Kuyendetsa ndondomeko ya tsikulo upereke kwa Azakhali, koma Amayi usawakhazike pampando. Apatse zomwe maganizo awo amamatirirapo: kusita nsalu zonse, kulandira akuchimuna, kutsogolera nyimbo. Uwauze wekha, maso ndi maso, asanamve kwa Azakhali.

Chenjezo: asamwe mapilisi a munthu wina, ngakhale a mwana wa madamu. Ndipo dzina la vutoli usalisandutse chitonzo chatsopano, pakamwa pakopo ndapamva.

Za pakhonde paja, sindikuuza kuti ukhululuke sabata ino. Mwana uja anachitadi mantha. Koma wandiuza momwe iwe unafikira kunyumba, sunandiuze komwe Amayi anali nthawi imeneyo, kapena zomwe anachita atazindikira. Ndikuganiza kuti sunawafunsepo. Pa mzere wa kukiliniki mudzakhala nthawi yaitali. Ukawafunse kumeneko, ndipo uwasiye amalize kuyankha.

Aphungu