Amuna anga salekana ndi nkhani za maliro

Aphungu,

Amuna anga, a Mak, amagwira ntchito yokonza maliro kuno ku Hung Hom: kusambitsa mitembo, kuiveka, kuiika m'bokosi. Samwa mowa, samenya. Vuto lawo ndi pakamwa. Nkhani iliyonse, kaya ya mpira, kaya ya mvula, sachedwa kuikhotetsera ku ntchito yawoyo. Ine ndinazolowera.

Mwana wathu Siu-kwan wapeza mwamuna. Lamlungu lapitali tinakumana ndi makolo a mnyamatayo, a Poon, kunyumba yomwera tiyi. Mayi Poon anavala malaya atsopano asilika. A Mak anawayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Nsalu yabwino iyi, asewere. Koma yothina chonchi imavuta kuveka munthu akauma. Ife timangong'amba kumsana." Mayiwo anaika pansi timitengo todyera, osadyanso.

Tsopano atumiza mawu akuti ukwati uchitike, koma a Mak asakhale patebulo la makolo, ndipo akwati asawagwadire n'kuwapatsa tiyi waulemu monga mwa mwambo wathu, ati angabweretse tsoka. Siu-kwan akungolira. A Mak akuti, "Ndalakwa chiyani? Inetu ndimayamikira nsalu." Ndichite bwanji?

Y.M., Hung Hom

Mayi Y.M.,

Amuna anu analakwa, ndipo muwauze mosapsatira mawu. Mayi amene akukonzekera ukwati wa mwana wake safuna kumva momwe adzavekedwere akamwalira. Nyamulani mphatso ya malalanje mupite nonse kwa a Poon. Amuna anuwo apepese mwachidule, zotsalazo mulankhule ndinu.

Koma za tiyi musagonje. Ntchito akunyansidwa nayoyo ndi imene yalera mtsikana amene akumufuna. Mkanganowo musaulowe nokha, mkamwini wanu ndiye akambirane ndi mayi ake. Akakanika, Siu-kwan adziwiretu mtundu wa mwamuna amene akukwatiwa naye.

Tsiku la ukwati mukhale pambali pa amuna anu. Mugwirizane chizindikiro pasadakhale: mukawaikira nyama m'mbale, ndiye kuti atafune, asamalize chimene ayamba kunenacho.

Samalani chinthu chimodzi. Munthu amene amatha tsiku lonse ali ndi anthu osayankha amafika kunyumba ali ndi njala yolankhula. Muziwamvera mukakhala awiri. Mukawatseka pakamwa paliponse, za malirozo adzasiyadi, koma adzasiyira limodzi ndi zina zonse.