Ndinatsatira apongozi anga kuchipatala

Wokondedwa mwana wanga Gomezgani,

Landira moni wochokera kwa ine ndi amayi ako. Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno ku Zolozolo tili moyo, kungoti mawondo anga sakugwirizana ndi kuzizira.

Ndalemba kalatayi ndi manyazi aakulu. Akazi ako aNyachirwa anayamba kufika mochedwa akaweruka kuntchito yawo yokolopa kuchipatala. Poti mwambo sulola kufunsa apongozi maso ndi maso, ndinamvera zonena za anthu zoti ali ndi chibwenzi, nkuitanitsa ankhoswe. Iwo asanafike, ndinavala jekete ndi tayi, ndi kutsatira aNyachirwa kuchipatalako kuti ndikaone ndekha.

Nditakankha chitseko cha chipinda chimene analowa, ndinapeza ogwira ntchito m'chipatala ali pamabenchi, akuphunzira masamu. Chipatala chinawakonzera makalasi kuti alembenso mayeso a Folomu 4, okhoza akalowe kukoleji ya unamwino. Mphunzitsi anati, "Monire adada, mwabwera kudzalembetsa?" Onse anaseka, kupatula aNyachirwa. Anatsika pabenchi, nagwada pamaso pa anzawo, nati, "Adada, kwagwanji kunyumba?"

ANyachirwa atamva chimene ndinaitanira ankhoswe, analeka kupita kukalasi. Akuti safuna kudetsa mbiri ya banja, chonsecho mayeso ayandikira.

Ndamva kuti iwe unawaloleza kale kuti aziphunzira. Chonde aimbire foni, uwalimbikitse abwerere. Ine ndatuma ankhoswe omwewo ndi nkhuku yopepesera. Akapanda kubwerera, ndiye kuti ine, mphunzitsi wakale, ndachotsa munthu sukulu.

Ambuye akusunge.

Ndine bambo wako,
W. K. Mhango