Simenti pa Manda a Amayi

Joni, 14 Julaye

Okondedwa alongo anga a Faness,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Nsaru pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi mwendo unatupa uja unaphwa? Ine kuno ndilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatikwana.

Ntchito ndi yomwe ija yoika mawaya a magetsi pansi m'nyumba za anthu olemera. Timawayala mokhotakhota, kenako n'kuthira simenti pamwamba. Ukayatsa, pansi ponse pamafunda moti mwana atha kugona pomwepo popanda bulangete. Ndikaona zimenezi mtima umandipweteka. Paja ndine ndinaumirira kuti m'nyumba mwa amayi tiikemo simenti, iwo akukana kuti dothi lozira limasunga kutentha pomwe simenti imalowa m'mafupa. Ndinawaseka kuti zimenezo n'zachikale. Anagonapo zaka ziwiri mpaka chibayo chinawatenga.

Tsono mverani zomwe zandichitikira. Lachiwiri masana tinkayesa mawaya amene tinaika m'nyumba ina yatsopano. Ndinavula nsapato n'kumayendayenda monga timachitira. Ponse panali pofunda, koma pakona ina ndinaponda pozizira ngati mwala wa mumtsinje. Nditapapasa ndi manja, ndinapeza kuti malowo akufanana ndi munthu wamfupi amene wagona chammbali atapinda miyendo. Abwana anayeza ndi makina awo n'kunena kuti mawaya onse ali bwinobwino. Iwo ataponda sanamve kanthu, anangondifunsa ngati ndayamba malungo.

Lachisanu tinali kunyumba ina, kutali ndi yoyambayo. Malo ozizira aja ndinawapezanso, ndipo pankamveka fungo la fodya wofwenkha uja ankakonda amayi. Sindinauze munthu. Ndinavula jekete langa n'kufunditsapo. Pobwera kokadya ndinalipeza litakokedwera kumtunda, mmene munthu amakokera chofunda kukhosi. Alongo, mantha ndili nawo, koma chisoni ndiye chachuluka.

Pempho langa ndi limodzi. Munandiuza kuti amalume a Overton akonza zomanga chiliza pamanda a amayi kumapeto kwa mwezi uno. Chonde kawaletseni. Matumba a simenti aja mupatse aliyense wowafuna. Pamandapo mungounjikapo dothi, mulizire bwinobwino mmene ankazirira eni ake. Ndikudziwa amalume akwiya, anena kuti mudzi wonse utiseka kuti mwana ali ku Joni koma manda a mayi ake ndi adothi. Asiyeni aseke. Ndinawagoneka pa simenti ali moyo, sindingalole kuti tiwafunditsenso simenti atamwalira.

Mundiperekere moni kwa alamu, azakhali a Sabina ndi adzukulu anga onse. Amalume musawapatse moni wanga musanawawerengere kalatayi.

Ndine mlongo wanu,
Edward