Masamu a Bambo Cornelius akuika mimba yanga pachiswe

Aphungu,

Ndakwiya. Ndine mayi wa zaka 31, kwathu ndi ku Thyolo, koma ndimagwira ntchito yojambula ekisileyi pa chipatala china kuno ku Chitipa. M'chipinda mwathu tilimo atatu: ine, mnzanga Innocent, ndi mkulu wathu, Bambo Cornelius.

Aliyense amavala kabaji kamene kamasunga kuchuluka kwa cheza cha makina chimene chamugwera. Pakatha miyezi itatu mabajiwo amapita ku Lilongwe kukawerengedwa, ndipo pepala la zotsatira limafikira kwa a Cornelius. Ife sitiliona. Iwo anakonza kawerengedwe kawokawo pa kompyuta, kamene amakanyadira ngati mwana wachisamba. Amati popeza baji timaipachika pakhosi, kunja kwa epuloni ya mtovu imene imatiteteza, nambala yake imaposa cheza chimene chalowadi m'thupi. Ndiye kompyutayo imagawa nambala iliyonse patatu, ndipo gawo limodzilo ndi limene amamata pa bolodi.

Chaka chatha ndinkagwira mwana wa ku Misuku amene anathyoka mkono kuti asagwedezeke pojambulidwa. Mwanayo anaphiriphitha, n'kuthothola baji yanga, n'kuiswera pansi. A Cornelius anati: "Kuyambira lero muzivalira mkati mwa epuloni, amama, tisamaonongetse mabaji." Ndinamvera. Koma kompyuta yawo sanaisinthe. Baji ili kale kuseri kwa mtovu, ikulandira cheza chochepetsedwa kale, iwo akuigawabe patatu!

Chondipweteka kwambiri n'choti anakhazikitsanso lamulo lakuti amene nambala yake yachepa pa bolodi ndiye azigwira ana pojambulidwa. Iwo eni sagwirako, akuti msana. Innocent amazungulira m'mawodi ndi makina oyenda nawo, baji ili pakhosi, ndiye nambala yake imakhala pamwamba pa yanga. Choncho mwana aliyense wolira, kaya wagwa mu mtengo wa mapeyala, kaya wagundidwa ndi njinga yamoto, amamva kuti: "Itanani amama." Ine ndi mtima wanga wonse ndinkaima pafupi ndi makina, n'kumadzitonthoza kuti nambala yanga ndi yochepa.

Sabata yatha envulopu ya ku Lilongwe inafika iwo ali kumaliro cha ku Mafinga, ndipo ndinaitsekula. Pa dzina langa panali 0.9. Atabwerako anamata 0.3 pa bolodi. Nditawafunsa anandiseka pamaso pa Innocent. "Kompyuta yikuteta yayi, amama, sinama! Inu munaphunzira kujambula, masamu tisiyireni ife." Ndinati: "Koma bambo, baji yanga ili mkati." Iwo anati: "Mkati, kunja, baji ni baji." Basi, n'kubwerera ku tiyi wawo.

Aphungu, chimene iwo sakudziwa n'chakuti ndili ndi pakati pa miyezi iwiri ndi theka. Zaka ziwiri zapitazo ndinapita padera nditalengeza kale kwa aliyense. Apongozi anga a ku Chisenga anandiuza kuti: "Ulendo uno pakamwa mutseke, mimba idzilengeze yokha. Maso a anthu ngoipa." Amuna anga, Arthur, nawonso ali mbali ya mayi awo. Ndikaulula kuntchito, dzuwa lisanalowe nkhani ifika kumsika, chifukwa a Cornelius sasunga mawu. Ndikakhala chete, mawa ndikagwiranso ana. Ndikuopa kutaya uyunso. Kodi ndichite chiyani?

V.M., Chitipa

Mayi V.M.,

Kalata yanu yandikwiyitsa inenso. Munthu akakhala wamkulu pantchito sindiye kuti masamu ake asanduka Malemba Oyera. Kuseka wantchito amene wabwera ndi funso lokhudza thupi lake, pamaso pa mnzake, ndi chipongwe chenicheni.

Koma choyamba mtima ukhale m'malo. Ndinatengera nkhani yanu kwa katswiri wa za cheza, osatchula dzina lanu. Iye wati 0.9 imeneyo payokha si yoti n'kuvulaza mwana, ndiponso gawo lina la miyezi itatuyo munali musanaime. Malire amene amaikira mayi woyembekezera ali ngati mpanda womangidwa kutali ndi dzenje. Simunagwere m'dzenje, koma mwayandikira mpanda. Iye wati kuchokera pamene mayi wadziwitsa akuluakulu a pantchito mpaka kuchira, mwana asalandire cheza choposa 1 pa muyeso womwewo. Inu mukulandira 0.9 pa miyezi itatu yokha, ndipo kwatsala miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Masamu amenewo safuna kompyuta.

Za kugawa patatu, katswiriyo wati njira zofanana nazo zilipodi, koma zimagwira pa baji yovalidwa kunja kwa epuloni basi, ndipo munthu sangodziyambira yekha popanda chilolezo cha oyang'anira za cheza. Baji ikakhala mkati, nambala yake sigawidwanso. Mwina a Cornelius sanafune kukuchitani choipa. Anangoiwala kuti lamulo limene anapereka pakamwa linasemphana ndi limene anaika m'kompyuta. Kuiwala aliyense amaiwala. Chimene sindingawakhululukire n'kukana kumva atauzidwa.

Tsopano tikambe za inu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo pano wamva ndinu. Lembani kalata yaifupi kwa dokotala wamkulu wa chipatala chanu. Nenani kuti ndinu woyembekezera, pemphani kuti nkhaniyo ikhale yachinsinsi, ndiponso kuti akuchotseni pa ntchito yogwira odwala pojambulidwa. Simukuyenera kudzera kwa a Cornelius. Iwo angouzidwa kuti ntchito zasintha, chifukwa chake si chawo. Sungani kope lodindidwa, lokhala ndi tsiku. Mawu a pakhonde amauluka ndi mphepo.

M'kalata yomweyo pemphani mapepala onse a ku Lilongwe kuyambira tsiku limene munayamba kuvalira baji mkati, kuti mbiri yanu ikonzedwe ndi manambala enieni. Mbiri imeneyo mudzayenda nayo moyo wanu wonse wa ntchito. Pemphaninso kuti kawerengedwe ka a Cornelius kaonedwe ndi amene amawerenga mabajiwo. Innocent mumuuze za masamuwa, nayenso ali ndi thupi.

Katswiri uja anadabwanso kuti baji ya mkati ifike 0.9. Wati mwina epuloniyo inang'aluka mkati, makamaka ngati mumaipinda m'malo moipachika. Ijambuleni ndi makina anu omwewo, ming'alu imaoneka. Anawonjezera kuti kugwira ana si ntchito yoti izigwera munthu mmodzi tsiku ndi tsiku. Amene wabwera ndi mwana, ngati sali woyembekezera, avale epuloni agwire yekha. Iye zimuchitikira kamodzi, inu zikukuchitikirani chaka chonse.

Apongozi anu sindikuwanyoza. Anaona misozi yanu ulendo uja, ndipo akufuna kukutetezani m'njira imene akuidziwa. Khalani pansi ndi Arthur, mumuonetse manambala awiriwo, 0.9 ndi 0.3, kenaka mupite limodzi ku Chisenga. Muwauze mayi kuti simukuimba ng'oma kumsika. Mukuuza dokotala mmodzi, monga momwe mudzauzire namwino wa kusikelo. Ngati simunayambe sikelo, yambani sabata ino, ndipo muwafotokozere za ntchito yanu ndi za padera paja. Mayiwo akakana kumvetsa, kalata ipitebe. Apongozi akakwiya adzakhululuka akadzanyamula mdzukulu.

Ndikuchenjezeni ziwiri. Musavule baji chifukwa cha mkwiyo, ndipo musaisiye dala pafupi ndi makina kuti nambala ikwere. Mboni yanu ndi yomweyo, mukainamiza mwadzigwetsa nokha. Chachiwiri, musadikire kuti mimba idzilengeze. Anthu amene mukuwabisirawo palibe ndi mmodzi yemwe amene wamukhudza mwana wanu, koma cheza chikumufika tsiku lililonse popanda wochiuza kuti muli mwana. Mawa m'mawa wina akafuula kuti "Itanani amama," auzidwe kuti amama ali ku ofesi ya dokotala, akupereka kalata.

Aphungu