Ulendo wa Kapitawo

Kanjedza, Limbe
12 Juni 2023

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti mwendo ukupepukako ndipo chisanu cha ku Mzuzu sichikukusautsani. Achemwali a Mildred akuti chidwalireni sitiroko ija, sabata ino ndi pomwe mwafika pakhonde nokha ndi ndodo. Mtima wanga unakhala pansi.

Pafoni paja munafunsa za galu wanu musanafunse za ine mwana wanu, koma ndakhululuka. Kapitawo ali bwino, ndipo takonza zoti Loweruka abwere kumeneko. Womutenga ndi anzanu aja a Nasoro, pagalimoto yawo ya hayala.

Kumuzoloweza galimoto sinali ntchito yamasewera. Poyamba ankakanira pageti, miyendo yonse ataikhwimitsa ngati mbuzi yopita kumsika. Dokotala wa ziweto anati tiyambe ndi galimoto yoima. Ndinayala jekete lanu lakuda kumpando wakumbuyo, mundikhululukire, ndipo atangolinunkhiza anakwera yekha n'kugonapo. Kenaka tinayamba timaulendo pagalimoto ya a Nasoro, lero kumsika wa Limbe, mawa mpaka m'tauni ku Blantyre. Pa Chichiri anasanza, oitanira minibasi akutiseka kuti agalu a masiku ano ndi mabwana. Pano amangotulutsa mphuno pawindo, phee. Katemera wa chiwewe wabayidwa, pepala loonetsa pa rodibuloko lilipo. Tsiku la ulendo sadya m'mawa, azingomwa madzi akaima panjira.

Mukudziwa kuti a Nasoro, monga Msilamu, sakhudza galu. Zaka zonsezi ankaima panja kudikira kuti mumumange kaye. Koma ayala pulasitiki ndi masaka m'galimoto mwawo osanyinyirika. Dzulo tikubwerera kokazoloweza galu anandifunsa kuti, "Nanga bambo ako akakandifunsa kuti abwerera liti kwawo, ndikati chiyani?"

Ndinati, "Mukangoti denga tikukonzabe."

Anayendetsa mpaka tinafika pakhomo. Pozimitsa injini anati, "Salome mwanangu, galu ndinyamula, galimoto ndidzatsuka. Koma bodza sindinyamula. Munthu ameneyu ndadya naye m'mbale imodzi."

N'chifukwa chake ndalemba, poti pafoni mawu amandithera. Bambo, denga lilibe vuto, tinkangokunamizani. Madokotala anauza achemwali kuti simungakhalenso nokha, ndipo ine ndi ntchito yangayi ndimachoka kusanache, kubwera kutada. Ana anu tinagwirizana zoti mukhazikike kwa achemwali, m'nyumba muno mulowe anthu ena. Tinkati mukaona Kapitawo akutsika ndi mbale yake ndi unyolo wake, muzindikira nokha. Tinafuna kutuma galu kuti akanene zomwe ife tikuopa kunena, ndipo ndikuchita manyazi.

Ndikudziwa kuti nyumbayi munamanga ndi malemu amayi, njerwa mukuumba nokha. Ngati mukwiye, kwiyirani ine, poti ndine ndinayambitsa nkhaniyi. Kalatayi ndapatsira a Yona a kutchalitchi, omwe akukwera basi mawa, kuti ikupezeni galu asananyamuke. Mukati asabwere, sabwera, ndipo tikhala pansi kumva maganizo anu monga zinayenera kukhalira poyamba.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu. A Nasoro akuti mulimbe mtima. Aneba onse akupereka moni, ndipo tsiku lililonse amandiimitsa kufunsa kuti mubwera liti. Sindinawayankhe kanthu. Ndikudikira kuti muyambe mwandiyankha inu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Salome