Mlandu wa Kapitawo

Chipoka,
Salima.
19 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene Sulaiman,

Asalaam aleikum. Ndikhulupirira kuti inu, alamu anga a Rukiya ndi ana mukudzuka bwino ku Durban kumeneko. Kuno tilipo, Alhamdulillah, kungoti dzuwa la chaka chino likuotcha ngati tinalilakwira. Musadabwe kuona kalata m'malo mwa mawu a pafoni. Foni ya pakhomo pano mukuidziwa, ndi imodzi, ndipo imakhala m'thumba la alamu anu a Mustapha. Mukaimba timamvera pakhonde tonse, ababa ali pomwepo. Zomwe ndikufuna kukuuzani si zapakhonde, n'chifukwa chake ndapatsira a Martin a thiraki aja, omwe akunyamuka mawa.

Nkhani ndi ya Kapitawo. Ee, mphaka yemwe uja munati, "Mukuvutikiranji ndi mphaka? Kamutayeni." Munayankhula mopepuka chifukwa munachoka kuno iye akadali ndi mphamvu, akukhala pamwamba pa thandala la usipa kuyang'anira anthu akugwira ntchito, iye osagwira kanthu, mpaka malemu amayi anamutcha dzina limenelo. Mutamuona lero simungamuzindikire. Msana wangotsala mafupa, mano anatha, akamadzuka amayamba waganiza kaye. Chimulumireni agalu a kwa aneba khutu, satulukanso panja. Ndinamuikira beseni lakale la mchenga wa kunyanja kuseri kwa chitseko, ndipo kwa nthawi yaitali ankadzithandiza momwemo, n'kukwirira bwinobwino kuposa ana ena a anthu.

Zinayamba itangopita Idi ya nyama. Poyamba ndinkapeza ponyowa pambali pa beseni. Kenaka anakodzera thumba la mpunga. Kenaka nsapato za a Mustapha, ndipo Mulungu andikhululukire, tsiku limenelo ndinakasekera kuseri kwa nyumba. Kuseka kunatha tsiku lomwe anakodzera mkeka woswalira wa ababa. Inu mukudziwa zomwe a shehe amaphunzitsa, kuti mphaka ndi nyama yaukhondo, atha kumwa m'chikho chako iwe n'kumwanso, koma mkodzo wake ndi najisi. Munthu sungaswali pamenepo. Ndiye ine kunali kuchapa mkeka, kuyanika, mawa kuchapanso, fungo lake osamva sopo.

Alangizi sanasowe. Wina akuti ndimukhutize mphuno pamkodzopo kuti aphunzire. A Agnes ogulitsa mandasi aja anandinong'oneza kuti mphaka akayamba zotere ndiye kuti wina wamutuma, ndinangowayang'ana. Tsiku lina nditatopa ndinamukwapula ndi tsache. Sizinathandize kanthu, anangoyamba kundiopa, n'kumakakodzera kunsi kwa bedi komwe tsache silifika. Zinandipweteka mtima, chifukwa mphaka ameneyu ndi amene ankagona kumapazi a amayi nthawi yonse ya matenda awo.

Ndiye ndinachita zomwe mukamva museka. Ndinamuika m'dengu, kuvundikira chitenje, kukwera naye minibasi mpaka ku Salima kwa adokotala a ziweto. Njira yonse akulira, anthu m'minibasi akufunsana kuti mayiyu wanyamula ndiwo zanji. Pamzere anzanga anali ndi mbuzi, ine ndekha mphaka. Koma adokotala ake, mayi wachitsikana ndithu, sanaseke. Anamugwiragwira m'chiuno, Kapitawo n'kulira.

"Mayi, mphakayu sakuchita mwano ayi," anatero. "Miyendo yakumbuyoyi ikumupweteka. Beseni lanulo ndi lalitali bwanji?"

Ndinawaonetsa ndi dzanja.

"Basitu, akulephera kukweramo. Nanga madzi akumwa kwambiri?"

"Kwambiri zedi, mpaka amanyambita pa mtsuko."

"Impso zayamba kutopa. Mkodzo ukumabwera pafupipafupi, iye n'kulephera kufika. Mukadule mbali imodzi ya beseniyo kuti azingolowa choyenda. Muike mabeseni awiri, lina pafupi ndi pomwe amagona. Mchenga muzisintha, asaupeze wonyowa. Pomwe wakodzera muzitsuka ndi sopo ndi viniga, fungo likatsala amabwererapo. Ndipo musamumenyenso, nyama yokalamba sichitira dala."

Anandipatsa timankhwala tomuthirira m'zakudya. Ndinabwerera, ndinatenthetsa mpeni pamoto, ndinadula mabeseni awiri monga ananenera. Achimwene, zinatheka. Ndinamuona ndi maso angawa akulowa m'beseni pang'onopang'ono, kudzithandiza, kukwirira. Mpunga unapuma, nsapato za a Mustapha zinapuma. Ndinati mavuto atha.

Koma mkeka wa ababa unapitiriza kunyowa. M'mawa wina ndipeza ponyowa pakhomo la chipinda chawo, m'mawa wina pamkeka. A Mustapha anayamba kundiseka. "Mwaonatu udokotala wanu uja, mayi a Jamila? Munangokamuyendetsa mphaka pa minibasi." Ndinapsa mtima, ndinati ndione. Madzulo ena ndinamutsekera Kapitawo m'khitchini ya panja ndi beseni lake, chitseko ndinamanga ndi chingwe, osauza munthu.

Kutacha, a Mustapha asanabwere kuchokera kunyanja, ndinapeza chingwe chili chimangire, Kapitawo akulira m'kati. Ndinalowa m'nyumba. Pakhomo la chipinda cha ababa panali ponyowa, mkeka nawonso chimodzimodzi.

Ndinagwada ndi chikolopa changa. Achimwene, miyezi yonseyi ndakhala ndikukolopa mkodzo wa mphaka, fungo lake ndingalizindikire ngakhale mutanditseka m'maso. Ili silinali limenelo. Sindilemba zambiri, ndinu wamkulu, mwamva. Ndili chigwadire pomwepo ndinayamba kukumbukira zomwe ndinkaziona osaziganizira. Ababa anayamba kuchapa okha mkanjo wawo, amati ine sindiuyeretsa. Anasiya kupita ku mzikiti Lachisanu, amati mawondo. Tiyi wa madzulo, uja ankamwa makapu awiri n'kufunsanso ngati watsala, anamusiya. Alendo akabwera amakhala patali, amati kukutentha. Ine ndinali kalikiliki ndi mphaka, bambo anga akuvutika okha m'nyumba yomweyi. Ndinalira, osatulutsa mawu.

Kenaka ndinamva njinga ya a Mustapha panja. Ndinathamanga kukamasula chingwe chija, ndinamunyamula Kapitawo kumulowetsa m'nyumba, n'kukuwa kuti aliyense amve, "Kapitawo wayambiranso! Mphaka iwe ulibe manyazi?" Kuyambira tsiku limenelo ndi mmene tikukhalira. M'mawa ndimakolopa, ndimachapa mkeka, ndimakalipira mphaka wosalakwa. Iye amangondiyang'ana ndi maso ake otuwawo. Ababa sayankhula kanthu. Koma pa chakudya ndimawaona akusankha mnofu wa nsomba m'mbale mwawo, kuchotsa minga bwinobwino, n'kumuponyera pansi.

Bodza langali tsopano landitembenukira. A Mustapha atopa, ndipo sindingawanene kuti ndi oipa. Akuti nyumba ya Msilamu singamanunkhe najisi tsiku ndi tsiku, akuti ababa ndi munthu wamkulu woyenera kuswali pamalo oyera, ndipo akuchita zimenezi powalemekeza. Anena kuti amuika Kapitawo m'thumba, akamusiye kutchire cha ku nkhalango ya Kuti akamapita kukagulitsa usipa ku Salima. Mphaka wopanda mano, woyenda chokwawa, kutchire akagona masiku angati? Ndawachonderera, avomera kudikira mpaka mwezi uno uthe. Akuti ukatha sadzandifunsanso.

Ndiye taonani pomwe ndaima. Ndikakhala chete, mphaka wa amayi akafera kutchire pa mlandu womwe anausiya kalekale, ndipo m'mawa mwake pansi padzanyowabe, popanda womunamizira. Ndikawauza a Mustapha zoona, ndawavula ababa pamaso pa mkamwini wawo, munthu yemwe anamuphunzitsa okha kuponya ukonde wa chilimira ali mnyamata wopalasa bwato lawo. Ababa amene aja mawu awo ankamveka gombe lonse. Ine sindingathe.

Kuwauza eni akewo ndiye kovutirapo. Mwana wamkazi amayamba bwanji nkhani yotere ndi bambo ake? Ndinayesa kuzungulira. Ndinati, "Ababa, bwanji tipite kuchipatala akaone mawondowo?" Anandiyankha kuti, "Mawondo a nkhalamba alibe dokotala, mwanangu," n'kutembenukira kukhoma. Ndafunsafunsa mochenjera ngati ndikufunsira munthu wina, ndamva kuti vuto limeneli limagwira azibambo ambiri akamakula, ndipo kuchipatala amathandiza ngati munthu wapita msanga. Koma pafunika mwana wamwamuna woti akhale nawo awiri pansi pa mtengo wa mango, ayankhule nawo zachimuna, awaperekeze, alowe nawo kwa dokotala. Mwana wamwamuna ali naye mmodzi, ndi inuyo.

Ndikudziwa muyamba kunena za abwana anu ndi mapepala a pamalire. Ndikudziwanso kuti muganiza zongotumiza kenakake kudzera kwa a Martin. Pepani achimwene, ulendo uno katundu sathandiza. Pa maliro a amayi munafika titaika kale, sindinakudandaulireni, ndipo sindikukumba zakale. Ndikungoti Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Chomwe chandigwiritsa cholembera ndi cha dzulo. Ndinali kukolopa pakhomo la chipinda chawo, ndikukalipa monga mwa masiku onse. A Mustapha anali atapita kukaona maukonde. Ababa anali pakhonde, Kapitawo ali pamiyendo pawo. Ndinangomva akundiitana.

"Karima."

"Ndili pano, ababa."

"Amuna ako akuti mphakayu apita naye liti?"

"Mwezi ukatha, ababa."

Anamusisita Kapitawo pamsana. Sanandiyang'ane, maso anali kunyanja.

"Usamukalipirenso," anatero. "Amuna ako kulibe, palibe akumva. Ndipo tsikulo likafika, asadzavutike kufuna thumba. Ndidzawaitana ndekha, ndidzawauza. Mphaka wa mayi ako sangafere ine."

Ndinangoti, "Tadikirani kaye, ababa." Ndiye kuti ankadziwa nthawi yonseyi kuti ndikudziwa. Ine ndinanyamula ndowa yanga n'kupita kuseri.

Mukuwadziwa ababa, akanena anena. Adzaimadi pamaso pa mkamwini wawo n'kudziulula, ndipo ndikuopa kuti akadzatero sadzatulukanso m'chipinda chija. Ndikukupemphani mufike mwezi usanathe, kuti mawu amenewo akawanene kwa mwana wawo ndi kwa dokotala, osati pakhonde.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi ana, muwauze kuti azakhali awo amawakumbukira pa swala iliyonse. Jamila akuti moni kwa amalume. A Mustapha akanapereka moni akanadziwa kuti ndikulemba. Ababa nawonso sakudziwa, koma dzina lanu silichoka pakamwa pawo, ndipo akamva thiraki ikudutsa pamsewu amadzutsa mutu. Kalatayi mukawerenga muiotche. Mukaimba foni tidzakhala tonse pakhonde, choncho musadzafunse za mphaka kapena za mawondo. Mudzangotchula tsiku lomwe mukubwera, mokweza, kuti ababa amve okha.

Mulungu akusungeni ndipo akufewetsereni njira, Inshallah.

Ndine mlongo wanu wodikira,
Karima