Chitupa changa chinapita ndi Aaron

Lachiwiri, 8 Meyi 1956

Lero ndamva uthenga wa maliro anga ndili chiimire m'chigafa, fodya ali m'manja.

Mesenjala wa ku boma anafika pa njinga dzuwa lili paliwombo, n'kufunsa nyumba ya mkazi wa malemu Ackson Chimphepo. Catherine, mkazi wanga, anatuluka akupukuta manja. Bamboyo anavula chisoti n'kuwerenga pepala: Ackson Chimphepo wa mudzi uno, kwa Kabudula, chitupa nambala yakutiyakuti, wamwalira pa mgodi wina kupitirira Gatuma, ku Rodeshiya.

Catherine anandiloza. "Nanga awo ndani?"

Koma anthu anaseka! Wina mpaka anagwira nthiti n'kukhala pansi. Mesenjala anachita manyazi, akuti Lolemba ndikafike ku boma ndi chitupa changa akakonze m'mabuku.

Ine ndinaseka nawo. Ndilembe pano poti palibe wodziwa kuwerenga pakhomo pano: ndinaseka, mano onse pamtunda, ndikudziwa bwinobwino kuti wafayo ndi mlamu wanga Aaron, mchimwene wake wa Catherine. Chitupa changa chinapita ndi iyeyo.

Lachitatu, 9 Meyi

Dzina langa latsopano ndi Amzukwa. Ana akandiona akuthawa dala akukuwa.

Ndifotokoze mmene zinayambira, mwina mtima ungatsikeko. Chaka cha 1954 ndinakatenga chitupa choyendera kunja, ndikudzitama mudzi wonse kuti ndikupita selefu, popanda kulembedwa ndi kampani. Ndinafika ndithu pa Lilongwe pokwerera malole. Pamenepo ndinaona munthu wochokera kumigodi akutsitsidwa ndi anzake, akutsokomola magazi pansalu. Ndinabwerera, n'kudzanama kuti ndalota Catherine akudwala. Mantha basi, palibenso china.

Aaron ndiye ankafuna kupita, koma dzina lake linali litaipa. Anathawa pa famu ina kontalakiti isanathe, ndiye ankaopa kuti akangotchula dzina pachipata cha Mtoko, polowera ku Rodeshiya, amugwira. Chaka chatha anandipeza kudimba. "Alamu, pepalalo likungodyedwa ndi mphemvu. Tifanana msinkhu, ndani akadziwe?" Ndinamupatsa mosavuta, ndipo kunena zoona ndinakondwa kuti chinthu chondikumbutsa mantha anga chachoka m'nyumba. Tinapangana kuti akazi asamve. Kumeneko anakadinda chala chake pansi pa dzina langa.

Tsono lero. Tabita, mkazi wa Aaron, ali kuno sabata yonse, wachokera kwawo tsidya la dambo kudzathandiza apongozi athu, a Nankhoma, kukolola. Madzulo anabwera ndi wakhanda kumsana, akuseka asanafike n'komwe.

"Alamu, kodi akufa amalembanso makalata? Ndilembereni, bambo a Yunisi amve nkhaniyi. Akaseka mpaka kugwa."

Makalata ake onse ndimalemba ndine, ndipo pa envulopu ndimalembapo dzina langa, iye osadziwa. Ndikanati dzanja likupweteka. Ndikanati inki yatha. Ayi, ndinatenga cholembera. Anati ndilembe kuti chimanga chachita bwino, kuti Yunisi wagweluka dzino, kuti denga likudikira mwini wake asanafike Okotobala. Pomaliza anachita kamanyazi, nati, "Muwonjezepo kuti bulangete lakula." Ndinalemba zonse. Ndinamuwerengera. Anathokoza ndi manja awiri.

Ackson, ndiwe galu.

Lachinayi, 10 Meyi

Ndasankha fodya tsiku lonse. Ndasakaniza wautali ndi wamfupi, mawa ndiyambirenso.

Lachisanu, 11 Meyi

Ndinapita ku Nsaru ngati wokaponya kalata. Ndinaima pasitolo ya mmwenye mpaka mwini wake kundifunsa ngati ndikufuna kugula kapena kulondera. Kalata ndabwera nayo, ili m'Baibulo.

Pobwerera maganizo anandinamiza. Mwina Aaron anagulitsa chitupacho kwa munthu wina. Zimachitika, eti? Anthu amasinthana mapepala m'makomboni. Mwina wafa ndi mlendo. Ndinayenda mtunda wonse mpaka pa mlatho ndikuimba, kenako ndinazindikira chomwe ndikupempha: kuti mwana wa mayi wina afe kuti ine ndisachite manyazi. Nyimbo inathera pomwepo.

Chondivuta china n'chakuti nkhani yolemera pabanja pano imapita kwa mwini mbumba, mchimwene wamkulu wa akaziwa. Ine ndine mkamwini chabe. Mwini mbumbayo ndi Aaron. Ndikagogode kwa yani?

Loweruka, 12 Meyi

Catherine wachapa shati langa la ku boma. Kenako watsitsa kachitini ka mapepala.

"Chitupa chija chili kuti?"

Ndinati chiswe chinadya.

"Chiswe cholowa m'chitini, n'kusiya mtchatho wa ukwati ndi khadi la mpingo?"

Ndinakalipa. Ndinati akazi asamagwire mapepala omwe sadziwa kuwerenga. Mawu oipa, ndipo ndinawanena mokweza kuti amve kuwawa asiye kufunsa. Anasiya. Anabweza chitini pamwamba, koma anandiyang'ana nthawi yaitali. Mkazi ameneyu si wopusa ayi.

Kunja ndimamva apongozi akuuza mnzawo kuti nkhuku yoyera ija asaiphe, ikudikira Aaron.

Lamulungu, 13 Meyi

Kutchalitchi mkulu wa mpingo polengeza anati tithokoze kuti Lazaro wathu ali nafe, ndipo ndi iye ayambitse nyimbo. Anthu gwegwede kuseka, ngakhale amayi a chigwirizano. Ndinaimirira. Ndinangoyang'ana pansi. Wayambitsa ndi Tabita kuchokera mbali ya amayi, ndi liwu lake lokwera lija, kundipulumutsa.

Masiku asanu tsopano. Mkazi wamasiye akuimba, akudzola mafuta, akuthira mchere m'ndiwo, osadziwa. Akadzadziwa adzawerenga masiku amenewa limodzilimodzi, ndipo lililonse lidzakhala langa.

Lolemba, 14 Meyi

Ndinabwereka njinga, ndinafika ku Lilongwe dzuwa litakwera. Pakhonde la ofesi panali mzere wa anyamata odzatenga zitupa, ena a Joni, ena a Halale, onse nkhope zowala. Ndinafuna kuwauza china, koma ndine yani?

Kalaliki ndi munthu wachikulire wa magalasi. Ndinamuuza dzina langa. Anati, "Chitupa." Ndinati chinatayika. Sanakweze mutu.

"Bambo, ndakhala pampando uno zaka khumi ndi ziwiri. Anthu akufa obwera pa njinga ndawaonapo anayi. Chitupacho munabwereketsa yani?"

Ha! Chinthu chomwe chandikanika sabata yonse kunyumba chinangotuluka pamaso pa mlendo, mosavuta ngati moni. Ndinatchula dzina la Aaron. Iye anatsegula faelo. Mwala unamugwera pansi pa mgodi pa 19 Epulo. Anamuika komweko, kumanda a pakomboni. Anandisonyeza sutikesi yamatabwa pakona, yomangidwa ndi lamba. Lambayo ndi wa Aaron, ndinaboola ndine bowo lomaliza ndi msomali.

Basi, za mlendo zija zatha.

Akuti kubwereketsa chitupa ndi mlandu, ndidzaitanidwa kukhoti. Sutikesi apereka kwa mkazi wake weniweni, abwere ndi mboni. Zakhotizo sizikundiopsa ngakhale pang'ono. Akananditsekera lero lomwe ndikanathokoza, bola wina akanene m'malo mwanga. Ndinamupempha kuti atumenso mesenjala. Anavula magalasi.

"Boma linanena kale, mudzi unaseka. Zotsalazo n'zanu."

Ndafika kunyumba dzuwa likulowa. Catherine anafunsa ngati akonza. Ndinati mawa tikambirana. Mawa, mawa, mpaka liti iwe?

Lachiwiri, 15 Meyi

Ndanena.

Ndinayamba ndi Catherine, m'mamawa kuseri kwa nkhokwe. Sanakuwe. Anagwira nkhokwe ndi dzanja limodzi, n'kupuma ngati wathamanga. Kenako anati, "Tiyeni. Mukanene ndi pakamwa panu. Ine sindikunyamulirani."

Apongozi ndi Tabita anali pabwalo akusenda chimanga. Ndinanjuta patali, nkhope kumbali, monga mkamwini amachitira. Zaka zisanu ndi zinayi ndili pamudzi pano sindinawayang'anepo apongozi m'maso, tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Catherine anati, "Senderani. Ayang'aneni." Ndinasendera. Ndinawayang'ana. Kodi Aaron anatengera maso a mayi ake chonchi?

Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa malole a pa Lilongwe. Sindinachotsepo kanthu. Apongozi anangogwera chammbali pa mulu wa makoko, Catherine n'kuwagwira.

Tabita anandiyang'ana, chitsononkho chili m'manja.

"Mwadziwa liti, alamu?"

"Tsiku la mesenjala."

"Pamene tinkaseka paja?"

"Inde."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndinadikira kuti anditukwane, kapena andigende. Ndikanalandira. Koma anafunsa motsitsa, ngati akufunsa njira.

"Pamanda pakepo alembapo dzina la yani?"

"Langa."

"Ndiye ana angawa akadzakula, n'kupita kukafuna pamene pagona bambo awo, akafunse za inu?"

Ndinati inde.

Anaika chitsononkho pansi, anamasula mwana n'kupatsira Catherine, anaimirira pakati pa bwalo. Ndiye anayamba kuitana. Aaron, Aaron, Aaron mwana wa Nankhoma, mokweza kuti ndi a tsidya la dambo omwe amve bwino dzinalo. Akazi akubwera akuthamanga, makasu atasiya m'minda. Amuna akhala pansi pa mtengo wa mango. Mpaka pano palibe wandilankhula.